Kompyuta ikakana kulowa mu Windows kapena Linux pa disiki yaikulu

Disiki ya 3 TB kapena 4 TB ikaikidwa m'kompyuta yakale, vuto silikonda kubwera tsiku lomwelo. Zonse zimayenda bwino kwa miyezi ndithu, kenako tsiku lina mukayatsa sikirini imangoti bii, pakona pali mawu akuti "grub rescue>" kapena "No bootable device". Apa ambiri amathamangira kufomata. Musatero. Kawirikawiri mafayilo anu amakhala alipo onse. Chimene chaduka ndi njira imene kompyuta imadzera powafuna pa masekondi oyambirira, ndipo njirayi ndi yopapatiza kwambiri poyerekeza ndi imene Windows kapena Linux imagwiritsa ntchito ikatha kudzuka.

Kompyuta ikangoyatsidwa imakhala ilibe madiraiva. Chimene chimawerenga disiki nthawi imeneyo ndi pulogalamu ya pa motherboard, BIOS pa makina akale, UEFI pa atsopano. Pulogalamuyi ili ndi polekezera. Pali masekita (tizigawo ting'onoting'ono ta disiki) ena amene siitha kufikako, ndipo pali mtundu wa tebulo la magawo umene ndi wachilendo kwa iyo. Choncho musanakonze kanthu, pezani mayankho a mafunso atatu: makinawa akudzuka ndi BIOS kapena UEFI, disiki ili ndi MBR kapena GPT (mitundu iwiri ya tebulo la magawo), ndipo mafayilo odzutsira agona pa sekita iti.

Yang'anani kaye, musalembe kanthu pa disiki

Mufunika flash ya 8 GB yokhala ndi Ubuntu kapena Linux ina yodzuka pa flash, ndi flash ina yoikira Windows ngati makinawo ali ndi Windows. Pa Dell ndi Lenovo menyu yosankhira podzukira imabwera ndi F12, pa HP ndi F9. Pa menyuyo flash yomweyo imatha kuoneka kawiri, kwina dzina lokha, kwina dzina loyamba ndi "UEFI:". Musangosankha chilichonse. Flash ikadzuka mwa BIOS simungakonze mndandanda wa zodzukira wa UEFI, ngakhale malamulo onse mutawalemba molondola.

Mukalowa mu Linux ya pa flash, tsegulani terminal ndi kulemba:

ls /sys/firmware/efi
sudo parted -l
sudo fdisk -l /dev/sda
lsblk -f
sudo smartctl -a /dev/sda

Lamulo loyamba likaonetsa mafayilo, flash yadzuka mwa UEFI. Likanena kuti foda kulibe, yadzuka mwa BIOS. Dziwani kuti likungonena za flash, osati za Linux kapena Windows imene ili pa disiki. Kuti mudziwe mmene iyo inaikidwira, onani ngati pali kagawo ka FAT32 kokhala ndi foda ya EFI m'kati, komanso ngati mu /etc/fstab muli mzere wa /boot/efi. Lamulo la parted limalemba "msdos" likapeza MBR, ndi "gpt" likapeza GPT. La fdisk limaonetsa sekita yoyambira ndi yothera ya gawo lililonse, ndipo manambala amenewo tiwafuna posachedwa. Disiki ya NVMe dzina lake limakhala /dev/nvme0n1, magawo ake /dev/nvme0n1p1 ndi otsatira, ndiye sinthani mayina m'malamulo onse a m'munsimu kuti agwirizane ndi anu.

Pulogalamu ya smartctl ili mu phukusi la smartmontools. Yang'anani mizere iwiri: nambala 5, ya masekita amene disiki yawasiya chifukwa anaonongeka, ndi nambala 197, ya masekita amene akukanika kuwerengeka. RAW_VALUE ya mzere wa 197 ikapanda kukhala 0, siyani zonse, koperani disiki yonse ku ina ndi ddrescue. Kukonza bootloader (pulogalamu yodzutsira) pa disiki imene ikufa n'kutaya nthawi imene mukanapulumutsira mafayilo.

Disiki ikakhala yamoyo, sungani tebulo la magawo pa flash ina:

sudo sfdisk -d /dev/sda > tebulo.txt

Kafayiloka ndi kakang'ono, koma zikasokonekera kutsogoloku mudzabwezera tebulo lonse ndi sudo sfdisk /dev/sda < tebulo.txt. Ngati Windows ili ndi BitLocker, pezani kiyi yake ya manambala 48 musanakhudze zodzukira, chifukwa kusintha kulikonse kungachititse kuti ikufunseni.

Malire atatu amene amagwetsa anthu

Akale kwambiri ndi a 8.4 GB. BIOS yoyambirira inkawerenga disiki ndi masilinda 1024, mitu 255 ndi masekita 63, sekita iliyonse mabayiti 512. LILO, pulogalamu yakale yodzutsira Linux, inkafuna kuti kernel (phata la Linux) ikhale m'kati mwa masilinda 1024 amenewo, ndipo masamuwo akasiyana inkaima italemba "LI" basi. Lero izi mungakumane nazo pa makina a zaka za m'ma 1990 okha, ndipo mzere wa lba32 mu lilo.conf umathetsa vutolo ngati BIOS ikulola.

Achiwiri ndi a 137 GB. Manambala a masekita a mabiti 28 amathera pa 268,435,456. Kuwerenga kwa mabiti 48 kunabwera ndi ATA-6, koma BIOS zambiri za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinatsalira. GRUB, pulogalamu ina yodzutsira Linux, ija yakale inkati "Error 18: Selected cylinder exceeds maximum supported by BIOS". GRUB 2 imati "attempt to read or write outside of disk 'hd0'".

Achitatu ndi a 2.2 TB, ndipo ndiwo ofala masiku ano. MBR ndi sekita imodzi yokha ya mabayiti 512: mabayiti 446 a pulogalamu yodzutsira, 64 a tebulo la magawo anayi, ndi awiri otsekera. Tebuloli limasunga manambala a mabiti 32, amene amathera pa masekita 4,294,967,296. Mukaika MBR pa disiki ya 3 TB, Disk Management ya Windows imaonetsa 2048 GB kenako 746 GB imene simungaigwiritse ntchito. BIOS zina, ngakhale disiki ikhale ndi GPT, sizitha kuwerenga kupitirira malire omwewa.

Chifukwa chake vuto limabwera patapita nthawi

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, poti amati makinawa akhala akudzuka bwino ndiye vuto silingakhale kukula kwa disiki. Tiyerekeze kuti Linux yonse ili pa gawo limodzi la 4 TB, ndipo /boot ili m'kati momwemo. Tsiku loika, kernel ndi mafayilo a GRUB zinagwera chakumayambiriro kwa gawolo, kumene BIOS imafikako. Ikabwera kernel yatsopano, ext4, dongosolo losungira mafayilo la Linux, imaiika paliponse pamene yapeza malo, chifukwa kwa iyo gawo lonse ndi limodzi. Kernel ikagwera kupitirira malire, Linux yadzukayo imaiona bwinobwino, koma GRUB, imene imawerenga kudzera mu BIOS, siiifika. Zili ngati munthu wothyola mango ndi ndodo yaifupi: otsika amawapeza, apamwamba amangowayang'ana.

Mutha kutsimikiza zimenezi. Lumikizani gawolo, kenako funsani pamene fayilo ili:

sudo mount /dev/sda2 /mnt
ls /mnt/boot
sudo hdparm --fibmap /mnt/boot/vmlinuz-nambala-ya-kernel

Onani manambala a begin_LBA ndi end_LBA. Akaposa 268,435,456 pa makina akale kwambiri, kapena 4,294,967,296 pa ena, vuto mwalipeza. Chitani chimodzimodzi ndi initrd.img ndi /mnt/boot/grub/grub.cfg. Chizindikiro china n'chakuti mukasankha kernel yakale pa menyu ya GRUB makinawo amadzuka, koma yatsopano imakana.

Kuikanso GRUB kokha sikuchiza matendawa. Kungathandize lero, n'kubwereranso pa kernel yotsatira. Mankhwala enieni ndi kupatula /boot kukhala gawo lakelake la 1 GB kumayambiriro kwa disiki, kuti fayilo iliyonse yodzutsira isakhale ndi mpata wopita kutali. Ngati kumayambiriroko kuli gawo la swap, litengeni limenelo, swap muisandutse fayilo. Ndiyo njira yosavuta. Ngati kulibe, muyenera kusuntha chiyambi cha gawo lalikulu ndi GParted. Ntchitoyi imatenga maola ambiri pa disiki yodzaza, ndipo magetsi akazima ili m'kati mafayilo amaonongeka. Musaiyambe popanda UPS kapena batire ya laputopu yodalirika, komanso musanakopere mafayilo kwina. Nthawi zambiri kukopera mafayilo n'kuikanso Linux ndi magawo abwino kumafulumira kuposa kusunthako.

Gawo latsopano likapezeka, tinene kuti ndi /dev/sda1:

sudo mkfs.ext4 /dev/sda1
sudo mkdir /mnt2
sudo mount /dev/sda1 /mnt2
sudo cp -a /mnt/boot/. /mnt2/
sudo blkid /dev/sda1

Tengani UUID (nambala yodziwira gawolo) imene blkid yaonetsa, muonjezere mzere mu /mnt/etc/fstab wakuti UUID=nambalayo /boot ext4 defaults 0 2. Kenako chotsani /mnt2, lumikizani /dev/sda1 pa /mnt/boot, n'kuikanso GRUB monga tifotokozere kutsogoloku. Onaninso ngati opanga motherboard anatulutsa BIOS yatsopano, chifukwa zina zinakonza malire amenewa.

Tebulo ndi motherboard zikapanda kugwirizana

Windows ilibe zokambirana pa nkhaniyi: pa BIOS imadzuka pa MBR, pa UEFI imadzuka pa GPT. Uthenga wakuti "The selected disk is of the GPT partition style" poika Windows sukutanthauza kuti disiki yalakwika. Ukutanthauza kuti flash yadzuka mwa BIOS. Zimitsani, sankhani dzina loyamba ndi "UEFI:". Malangizo ambiri amauza anthu kulemba clean mu diskpart. Lamulo limenelo limafufuta tebulo lonse la magawo nthawi yomweyo, popanda kufunsa.

Pa makina a kaunjika, yambani mwakayikira kabatire ka CR2032 ka pa motherboard. Kakatha, zosankha zonse zimabwerera mmene zinachokera ku fakitale. Makina amene anaikidwa mwa Legacy kapena CSM, kutanthauza mwa BIOS, amadzuka mwa UEFI, n'kunena kuti disiki kulibe. Chizindikiro chake ndi tsiku ndi nthawi zolakwika. Sinthani kabatire, bwezerani zosankha. Kubwerera komweku kumasinthanso SATA pakati pa AHCI ndi RAID, ndipo Windows imagwa ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE mpaka mutabwezera mmene zinalili.

Ngati Windows ili pa MBR ndipo motherboard imadziwa UEFI, pali mbr2gpt, imene inabwera ndi Windows 10 ya 1703 m'chaka cha 2017. Imasintha tebulo popanda kufufuta mafayilo:

mbr2gpt /validate /disk:0 /allowFullOS
mbr2gpt /convert /disk:0 /allowFullOS

Imafuna kuti magawo asapitirire atatu, ndipo pasakhale gawo la extended. Ikamaliza, makinawo sadzukanso mwa Legacy. Lowani mu zosankha za motherboard musinthe kukhala UEFI. Ambiri amaiwala sitepe imeneyi n'kumaganiza kuti aononga disiki. Windows 11 imafuna UEFI basi, choncho kusinthaku n'kofunikanso kwa amene akukweza.

Motherboard ikakhala ya BIOS yokha, musalimbane kuti Windows idzuke pa disiki ya 4 TB yonse. Ikani SSD yaing'ono ya MBR ya Windows, disiki yaikuluyo ikhale ya GPT yosungira mafayilo. Kuyambira Vista, Windows imawerenga GPT ngati disiki yosungira popanda vuto.

Linux ndi yomasuka: imatha kudzuka mwa BIOS pa GPT. Koma GRUB imafuna pogona. Pa MBR imabisa chigawo chake chachiwiri mu mpata wa pakati pa sekita yoyamba ndi gawo loyamba. Madisiki ogawidwa kale ankayambira pa sekita 63, mpatawo n'kukhala 31 KiB yokha, imene imachepa pamene pali LVM kapena RAID. Masiku ano amayambira pa 2048. Pa GPT pamalo pomwepo pamakhala tebulo, ndiye GRUB imadandaula kuti "this GPT partition label contains no BIOS Boot Partition". Pangani kagawo ka 1 MiB, musakafomate, kapatseni mtundu wa EF02 mu gdisk kapena chizindikiro cha bios_grub mu parted. Kakhale chakumayambiriro kwa disiki pa chifukwa chomwe chija cha malire. BIOS zina zimakanabe mpaka zitaona chizindikiro chodzukira mu MBR yotchinga imene GPT imasiya pa sekita yoyamba:

sudo parted /dev/sda disk_set pmbr_boot on

Kutuluka pa grub rescue ndi kuikanso GRUB

Mawu akuti "no such partition" kapena "unknown filesystem" amabwera magawo akasintha manambala, mwachitsanzo mutafufuta kapena kuonjezera gawo. Lembani ls kuti muone magawo, kenako yesani limodzilimodzi, monga ls (hd0,gpt2)/, mpaka mutapeza lokhala ndi foda ya boot. GRUB imawerenga madisiki kuyambira 0 koma magawo kuyambira 1. Mukalipeza:

set root=(hd0,gpt2)
set prefix=(hd0,gpt2)/boot/grub
insmod normal
normal

Ngati /boot ili pa gawo lakelake, prefix imathera pa /grub, popanda /boot. Izi zimakulowetsani kamodzi kokha. Mukalowa, ikaninso GRUB musanazimitse. Zikakanika, gwiritsani ntchito flash:

sudo mount /dev/sda2 /mnt
sudo mount /dev/sda1 /mnt/boot/efi
for d in dev proc sys run; do sudo mount --rbind /$d /mnt/$d; done
sudo chroot /mnt
grub-install /dev/sda
update-grub

Mzere wachiwiri ndi wa UEFI yokha; ngati mwapatula /boot monga pamwambapa, /dev/sda1 ilumikizeni pa /mnt/boot m'malo mwake. Pa BIOS, grub-install imalembedwa pa disiki yonse, /dev/sda, osati pa gawo ngati /dev/sda2. Pa UEFI ikanena kuti "EFI variables are not supported on this system", flash yadzuka mwa BIOS, yambiraninso.

Pa UEFI, mndandanda wa zodzukira umasungidwa pa motherboard, osati pa disiki. N'chifukwa chake disiki yabwinobwino ikasamutsidwira m'makina ena imatha kukana. Lamulo la efibootmgr -v limaonetsa mndandandawo, ndipo efibootmgr -o 0003,0000 limasintha chimene chiyambe. Dzina la Ubuntu likasowa, libwezereni:

sudo efibootmgr -c -d /dev/sda -p 1 -L ubuntu -l '\EFI\ubuntu\shimx64.efi'

Ma motherboard ena amaiwala dzinalo nthawi iliyonse. Kwa amenewo lembani grub-install --removable, imene imaika fayilo pa \EFI\BOOT\BOOTX64.EFI, pamalo pamene UEFI imayang'ana ikasowa china chilichonse.

Windows ikasowa pa menyu ya GRUB, pali zifukwa ziwiri zofala. Kuyambira GRUB 2.06, kufufuza ma system ena kunazimitsidwa; onjezerani GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false mu /etc/default/grub, n'kulembanso update-grub. Chachiwiri ndi choopsa: ngati Windows inaikidwa mwa UEFI koma Linux mwa BIOS, GRUB siingaidzutse ngakhale mutani. Ziwirizo ziyenera kudzuka mofanana. Mu Windows lembaninso powercfg /h off, chifukwa Fast Startup imasiya magawo a NTFS osatsekedwa bwino, Linux n'kukana kulembapo.

Kukonza mbali ya Windows

Sikirini ya buluu ya 0xc000000e kapena 0xc0000225 imatanthauza kuti BCD, fayilo imene imanena kumene Windows ili, yasowa kapena ikuloza gawo lolakwika. Dzukani ndi flash ya Windows mwa UEFI, dinani Shift ndi F10, kenako:

diskpart
list vol
select vol 2
assign letter=S
exit
bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI

Nambala ya vol ikhale ya kagawo ka FAT32, kamene kamakhala 100 MB pa madisiki ambiri. Musaganize kuti Windows ili pa C:, chifukwa pa flash zilembo zimasintha. Yesani dir C:\Windows ndi dir D:\Windows kaye. Lamulo la bootrec /fixboot limakonda kuyankha "Access is denied" pa makina a UEFI, ndipo /fixmbr ilibe ntchito pa GPT. Pa makina a BIOS lembani /f BIOS m'malo mwa /f UEFI, muonetsetse kuti gawo lodzukira lapatsidwa active mu diskpart. Dziwaninso kuti bcdboot imaika Windows patsogolo pa mndandanda, ndiye amene ali ndi Linux adzafunika kubwezera GRUB patsogolo.

Disiki yokopedwa kapena yotulutsidwa m'bokosi

GPT imasunga tebulo lachiwiri kumapeto kwenikweni kwa disiki. Mukakopera disiki ya 500 GB ku ya 4 TB ndi dd, tebulo lachiwirilo limatsala pamene disiki yakale inkathera, malo otsalawo osaoneka. Lamulo la sudo sgdisk -e /dev/sda limalisamutsira kumapeto, kenako mutha kukulitsa gawo. Podzuka koyamba chotsani disiki yakale m'makinamo. Madisiki awiriwo ali ndi UUID zofanana, ndiye Linux imatha kutenga kernel ku ina, mafayilo ku inzake, pamene Windows imazimitsa imodzi mwa izo.

Mabokosi ena a USB a madisiki aakulu amauza kompyuta kuti sekita ndi mabayiti 4096, pamene disiki ya m'kati imanena 512. Anawapanga choncho kuti MBR ifike kupitirira 2.2 TB pa Windows XP. Mukaitulutsa disikiyo n'kuilumikiza pa SATA, manambala onse a m'tebulo amachepa ka 8, magawo n'kuoneka aang'ono kapena osadziwika, Windows n'kupempha kufomata. Kanani. Yerekezani mzere wa "Sector size" wa fdisk -l disiki ili m'bokosi ndi ili kunja. Ukasiyana, ibwezereni m'bokosi lomwelo, koperani mafayilo, ndiyeno muigawenso ili pa SATA. Bokosilo likakhala litafa, TestDisk imatha kufufuza pamene magawo ayambira n'kulemba tebulo latsopano, koma musanadine Write onani kaye mndandanda wa mafayilo ndi batani la P kuti mutsimikize kuti gawo limene yapeza ndi lanu lenileni.